Ndinangowathira Madzi

Lamlungu, 18 Meyi 2025

Tawina. Chigoli chimodzi kwa duu, a ku Kaluluma abwerera ali chete m'lole yawo. Fainolo Lamlungu likudzali ndi a ku Mtunthama. Mphoto: yunifomu yatsopano ndi mbuzi, zochokera kwa a shado amene akufuna mavoti athu.

Mudzi wonse wanyamula alamu anga a Jeremiya pamapewa. Goloboyi wathu, amuna a mlongo wanga Esitere. Agwira penate kutatsala mphindi zitatu. Inenso andiimbira nyimbo: Adoko, Adoko. Dzina loti Sunganani latsala kutchalitchi kokha. Udokotala wanga ndi uwu: ndowa, chinkhupule, ndi jasi yoyera imene ndinachoka nayo kuesiteti. Sukulu ya zachipatala sindinaione ndi khomo lomwe.

Zimene sindinauze munthu ndilembe pano.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, alamu anadumphira mpira wa pakona, mutu n'kumenyetsa pamtengo wa golo. Bulugamu wouma, tinadzika tokha. Kulira kwake ndinakumva ndili kumzere. Nditafika, maso atatembenuka, oyera okhaokha. Ndinagwada mowatchinga, jasi n'kuitambasula, kuti anthu asaone. Madzi. Zii. Madzi enanso. Ndinanena Atate Wathu chamumtima mpaka kumapeto, n'kuyambiranso. Anaphethira ndili pakati.

Mawu awo oyamba: "Alamu, fodya tatsitsa m'chigafa?" Pabwalo, masanasana, anthu akukuwa mbali zonse.

Oyimbira mpira anafunsa ngati alamu apitiriza. Goloboyi wina tilibe. A Rabson, akochi athu, maso ali pa ine. Ndinati ali bwino, n'kachizungulire chabe.



Lolemba, 19 Meyi

Kusankha fodya m'chigafa cha alamu kuyambira m'mawa. Mabelo ayenera kupita kuokushoni sabata yamawa.

Alamu anafika dzuwa litakwera. Chotupa kuseri kwa khutu ngati dzira la nkhanga. Ndinawaseka: mutu wanuwu unali waukulu kale, mukuwonjezeranso chipinda? Anaseka nawo. Mtima unakhalako pansi.

Kenako anandifunsa kuti dzulo tinatha bwanji. Ndinayesa nthabwala. Ndinawafotokozera za penate, akumvetsera ngati nkhani ya mudzi wina. Patapita kanthawi, funso lomwelo.

Panado awiri. Ndiwo mankhwala onse amene ndimadziwa.

Lachitatu, 21 Meyi

Alamu ndi munthu amene amakalipira aliyense wosakaniza tsamba lofiira ndi loyera. Lero asakaniza okha mulu wonse. Ndinasankhanso iwo atatuluka. Atuluka kukatani? Ndawapeza kuseri kwa chigafa akusanza. Anakwirira ndi phazi n'kundigwira mkono: "Musawauze alongo anu, angandiletse fainolo."

Ndinavomera. Ine kuvomera ndiye ntchito yanga.

Madzulo kutrening'i anavala chipewa mpaka m'maso, ati dzuwa likuwalasa. Mipira itatu yadutsa kumanzere osatambasula n'dzanja lomwe. A Rabson ali ndi yankho kale. Ati a ku Kaluluma anakwirira mankhwala pagolo, n'chifukwa chake mtengo unamukoka munthu. Atuma kukafuna mafuta a nkhumba opaka mitengo ya golo ndi magolovesi. Anyamata onse agwedeza mitu. Inenso ndinagwedeza.

Ndikanakonda akanakhala mankhwala. Mankhwala sindinakwirire ine.

Lachinayi, 22 Meyi

Esitere wabwera kwathu ndi lichero lobwereka, koma lichero sichinali chimene anadzera. Ati alamu akungogona, chakudya akungochiyang'ana, dzulo anamuitana dzina la malemu mayi awo. Kenako: "Achimwene, inu munali pompo. Sanakomoke, eti?"

Ndinati ayi. Anangogwa n'kudzuka.

Anapuma mpweya waukulu, n'kundithokoza. Kundithokoza ine.

Atachoka ndinakhala pakhonde. Ndikuopa. Ndikuopa kuti m'mutumo muli chimene chikuchitika ife tikupaka mafuta a nkhumba. Pawailesi ananenapo chaka chatha kuti womenyetsa mutu akakomoka, ngakhale pang'ono, asabwererenso m'bwalo, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinamva ndi makutu angawa. Pa Lamlungu ndinakumbukiranso ndili chigwadire. Ndiye bodza loti sindinadziwe ndilibe.

Ndikuopanso anthu. Ndikanena, fainolo yapita. Zaka zisanu ndi zitatu timu yathu osafikapo pamenepa. Amayi a kumsika asoka kale mbendera. Adzati Sunganani wadya za a ku Mtunthama. Ndipo Esitere adzadziwa kuti ndinamunamiza maso ndi maso.

Mantha awiri. Amene akupambana mpaka pano ndi opusawo.

Loweruka, 24 Meyi

Dzulo sindinalembe. Ndinapita kudimba tsiku lonse, kuthirira masamba othirira kale, kuthawa chigafa.

Lero ndawaona alamu akuchokera kumjigo. Mwendo wamanzere ukutsalira, patapata akukwekweza m'fumbi. Iwo osadziwa. Ndinawaimitsa ngati ndikuwachotsa kachitsotso m'maso. Kamwana ka m'diso lakumanja n'kakakulu, kakumanzere kakang'ono. Maso a munthu mmodzi, osiyana.



Ndinapita kwa a Rabson. Ndinayamba bwino, kuti mwina alamu apumeko. Sanandilole kumaliza: "Adoko, ntchito yanu ndi ndowa. Mawa aime pagolo mphindi makumi asanu ndi anayi basi, Lolemba ndiwaperekeza ndekha kuchipatala." Si munthu woipa. Amawakonda alamu ngati mwana wawo. Koma iwo sanaone maso oyera aja. Ndinawatchinga ndi jasi.

Mawa kukabwera kona ina. Chigongono cha munthu, bondo, mtengo womwe uja. Ndikangotsinzina ndikuona Esitere atavala zakuda, fodya akuwola m'chigafa, ine ndikudutsa ndi ndowa yanga.

Ndabwereka njinga yamoto kwa aneba. Ndawauza kuti ndi yonyamulira goloboyi, asatope ndi kuyenda. Bodza lina, koma ili lokha ndikuligwiritsa ntchito.

Lamlungu, 25 Meyi, pabenchi kuchipatala cha kuboma

Ndikulembera pabondo. Kabukuka kanali m'thumba la jasi.

Titaweruka kutchalitchi ndinapita kukawatenga. Anali atavala kale jezi, kutsogolo kuli kumbuyo. Magolovesi akununkha nkhumba. Ndinauza Esitere kuti akwere kumbuyo awagwire. Anadabwa, koma anakwera.

Msewu umadutsa pabwalo penipeni. Anthu atadzaza kale, ng'oma, mbendera ija, mbuzi yamphoto itamangidwa pamtengo wa mango. Atationa anayamba kuimba dzina la alamu. Sindinachepetse liwiro. Nyimbo inaduka pakati. Pagalasi ndinaona a Rabson akuthamanga m'fumbi, akukupiza chipewa. Wina anaponya chibuluma. Esitere akundimenya pamsana, achimwene mwapenga? Ndinangoti gwira amuna ako.

Tisanafike patala mutu wa alamu unagwera paphewa langa. Wolemera, wotentha. Ndinkawalankhula njira yonse, za fodya, za penate, zilizonse. Ankayankha ndi m'mphuno.

Adokotala ndi mayi wachitsikana, wosachulutsa mawu. Anawaunika m'maso ndi katochi, nkhope n'kusintha. Anafunsa tsiku limene anavulala. Anafunsa ngati anakomoka. Esitere anayankha msanga: "Ayi, anangogwa n'kudzuka. Achimwenewa anali pompo, ndi adokotala a timu."

Mayi uja anayang'ana jasi yanga. Bwenzi nditaivula panjira.

Ndinanena. Zonse. Maso oyera, kusanza kuseri kwa chigafa, mwendo, zimene ndinauza oyimbira. Atafunsa kuti anakomoka nthawi yaitali bwanji, ndinati Atate Wathu mmodzi ndi theka. Sanaseke. Analemba.

Sanandikalipire. Anangoti mwina magazi akudontha pang'onopang'ono m'kati mwa mutu, ndipo akanamenyetsanso lero sakudziwa ngati tikanafika nawo. Awatumiza ku Lilongwe kukajambula mutu. Mwina opaleshoni. Asadye, asamwe kanthu. Ndinafunsa ngati tachedwa. Anati masiku asanu ndi awiri ndi ambiri.

Esitere sanalire. Anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kutembenuka. Kundimenya kukanakhala bwino.

Foni yalira kosaleka. Ndazimitsa. Za kubwalo sindikuzidziwa, ndipo ndadabwa kuti sindikufuna kuzidziwa.

Tsiku lomwelo, 4 koloko

Andilola kulowa pang'ono. Ali pamachira, diripi pamkono, jezi ikadali chotembenuza. Anatsegula diso limodzi. Anandizindikira. Milomo youma, yosweka.

"Adoko, madzi."

Zaka zonsezi akagwa amaitana choncho, ine n'kuthamanga. Botolo linali pawindo, pafupi ndi dzanja langa. Ndinati ayi alamu, aletsa. Anandiyang'anabe, akudikira. Ndinawagwira phazi basi.

Mulungu, musawatenge chifukwa cha ine.

Ambulasi yafika. Ati wodwazika akwere mmodzi yekha. Ndinamupatsa Esitere chikwama kuti akwere. Wandibwezera. Mawu oyamba chichokere m'chipinda muja: "Kwerani inu. Akakafunsanso kumeneko, mukanene nokha. Ine zimene ndikudziwa ndi zimene munandiuza."

Esitere abwera pambuyo, paminibasi. Jasi ndaisiya pabenchi. Akutseka chitseko, ndimalizira m'njira.