Mababu Amenewa Sindichotsa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe, ndipo njala yafika poipa.

Ndamva kuti azakhali anakuimbirani foni, ati ine ndayamba matama, ndaika mababu owala a zenoni pagalimoto pamene anthu akugonera mango owiritsa. Eya, ndaikadi, mababu akuluakulu ndi am'munsi oonera m'nkhungu omwe, ndipo sindipepesa.

Masiku ano anthu akumalawira kusanache kukaima pamzere wa chimanga ku Balaka. Sabata yatha, ndikupita ku Chikweo kukapikula chinangwa, ndinatsala pang'ono kugunda mayi wobereka mwana pafupi ndi mlatho wa Rivirivi. Magetsi akale aja ankangoti phethiphethi ngati koloboyi. Ndinamuona ali kale pabampala, thumba lopanda kanthu lili m'manja. Anangoti, "Pepani bambo," ngati wolakwa ndi iyeyo.

Azakhaliwo muwauze kuti chinangwa akudyacho chimabwera pagalimoto yomweyo. Mukapeza wobwera kumudzi, munditumizireko babu lina losungira.

Njala ikafuna kupha munthu iphe yokha, ine sindiithandiza ndi galimoto yanga iyayi.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
ku Utale