Thanki Yopanda Nsomba

Lachiwiri, 9 Julaye

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani pamodzi ndi kakhanda. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi, ndipo ndilibe wina womuuza.

Alamu anu anagula thanki yagalasi yowetera nsomba zokongoletsa nyumba. Anaiika m'chipinda chija tinapaka penti yachikasu, pamene panayenera kukhala kabedi ka mwana. Muli madzi, timiyala ndi kapampu kolira tsiku lonse, koma nsomba mulibe. Akuti madzi atsopano amapha nsomba, ayambe akhwima kaye. M'mawa uliwonse amathiramo chakudya cha nsomba kuti chiwole, kenaka amatunga madzi m'kabotolo, kudonthezamo mankhwala, n'kumayang'ana mtundu wake pawindo. Akuti m'siponji ya mu sefa yoyeretsera madziwo mukuswana tizilombo tosaoneka timene tizidzadya zoipa za m'madzimo. Masabata apita akudikira osadandaula. Achemwali, munthu yemweyu analephera kudikira nane pabenchi ya kuchipatala.

Loweruka apongozi anati akubwera. Madzi anali atachita mbuu, kafungo kakumveka mpaka pabalaza, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa. Ndinataya madziwo, siponji ndinaichapa ndi sopo, galasi n'kulipukuta mpaka waliwali. Mulungu ndi mboni, ndinkati ndikuthandiza.

Alamu anu atafika anaima pakhomo pa chipindacho, chikwama chili m'manja.

"Wachapa sefa?"

Ndinavomera.

"Wapha zonse. Kodi iwe, chilipo chamoyo chimene chimakhala m'manja mwako?"

Apongozi, amene anali atafika kale, anangoyang'ana m'kapu yawo ya tiyi.

Alamu anuwo pepani sanandiuze mpaka lero. Mawa lake, ndikukonzekera kupita kutchalitchi, ndinawapeza atagwada pathankipo, akuthira madzi ena pang'onopang'ono, akulankhula okha mofatsa: "Palibe kanthu, tiyambiranso." Mawu amenewo ndakhala ndikuwadikira kuchokera tsiku lija ndinatuluka m'chipatala chimanjamanja. Awapereka kwa madzi.

Ndikuululireni, pa Pemphero la Ambuye ndinatseka pakamwa titafika pa za kukhululukira. Mkazi wamkulu ine ndikuchitira nsanje thanki, ndipo ndikuopa kuti ndayamba kudana ndi mwini wake. Mundipempherere. Mundiuzenso ngati m'kachipinda kanu kosokera muja mungakwane matiresi. Amayi musawauze kaye.

Moni kwa alamu anga. Kakhandako mukapsompsone pachipumi. Tizovala ndinaluka tija ndatimanga pamodzi ndi kalatayi. Kavale, tisangokhala m'sutikesi.

Ine mng'ono wanu.