Botolo la Ulusi Wofiira

Lachiwiri, 18 Nov

Amama 06:12
zikumbu zako zakwana mabotolo atatu. spiriti yatha. nyumba ikununkha ngati chipatala

Edita 07:40
zkomo amama 🙏 mwasiyanitsa monga ndinanenera? botolo lililonse malo ake, kapepala mkati, dzina la malo ndi date. pensulo osati pen

Amama 07:44
sukulu ndinalekeza giredi 4 koma makutu ndili nawo

Amama 07:46
koma zonse nchimodzimodzi iwe. ngati nshawa zokazinga. zaka zonsezi ku lusaka ukuphunzira izi

Edita 08:15
kkk maso amanama. ilipo mitundu iwiri yofanana, mphutsi za umodzi ndizo zimadya mizu ya nshawa zanu. kuti ndisiyanitse ndimang'amba chachimuna nkuona maliseche ake pa microscope

Amama 08:17
ambuye. kutchalitchi ndinawauza kuti udzakhala dokotala

Edita 08:20
😂 zachimuna zilimo? za tinyanga titali

Amama 08:22
ndinasankha chimodzichimodzi. bwera udzatenge

Edita 08:40
sinditha amama, report ifunika pa 12 dec. patseni kondakitala wa basi

Amama 08:43
pa mwambo wa ncwala unati report. pa pasaka report. misa ya atate ako report. zikumbuzi ndi zanga. mtengo wake masiku atatu pakhomo pano

Edita 08:51
after report, promise

Amama 08:52
awiri. sinditsitsanso

Lachinayi, 20 Nov

Edita 15:05
zafika. amama mulibe mapepala!!

Edita 15:09
yankhani foni pls

Amama 15:30
mapepala ali mmutu mwanga. bwera ndi pensulo yako ndidzakuuza

Edita 15:33
chikumbu chopanda malo ndi chinyalala, palibe angachilandire. zimatuluka masabata ochepa okha mvula ikayamba. mwanditayitsa chaka chonse

Amama 15:36
ine chaka chonse ndikulankhula ndi nkhuku

Lachisanu, 21 Nov

Amama 06:02
wadzuka

Amama 12:48
mvula yagwa bwino kuno ku chiparamba

Lamulungu, 23 Nov

Amama 13:15
kutchalitchi amai a molly andifunsa za iwe. ndati uli bwino

Amama 17:40
lero zikuuluka zochepa. zikutha

Lachiwiri, 25 Nov

Edita 10:20
mabotolo awiri ndamaliza, ndi mitundu ija. koma lija munamanga ulusi wofiira si mtundu woyamba si wachiwiri. supervisor waona kawiri. kunja nchimodzimodzi, mkati ayi. munazigwira kuti?

Amama 10:24
waona. ndimadziwa kuti zija nzina. zimachedwa kutuluka ndipo pa mango sizitera

Edita 10:25
amama PLS

Amama 10:27
tsiku limodzi. ufike loweruka ugone ubwerere

Amama 14:50
basi ya mmawa imafika dzuwa lisanalowe

Amama 18:05
edita

Lachitatu, 26 Nov

Amama 05:48
🎤 0:52
iwe tamvera, sindibwereza. la ulusi woyera ndi pa mango pakhomo, pa 11. la wakuda ndi kudimba, pa 13. lofiira ndi kumunda wakale wa atate ako, uja ndinausiya chifukwa ndekha sindiutha. pali msuku pachulu, paja unkakhala kuthawa khasu. ndinapita madzulo atatu, pa 14, 15 ndi 16. ndinayala chitenje pansi nkugwedeza nthambi, ndi bondo langa lowawali. lemba. usataye chaka chifukwa cha ine

Edita 06:30
amamaaa 😭 zkomo zkomo. pepani ndinalankhula moipa

Edita 06:34
chatsala chimodzi, location yeniyeni ya msukuwo. pamafunika kuima pansi pake ndi foni ya GPS

Amama 06:36
yanga ilibe zimenezo

Edita 06:37
ndikonza. loweruka

Amama 06:38
loweruka lino

Edita 06:39
eee, musachoke pakhomo

Loweruka, 29 Nov

Amama 05:20
ndachapa zofunda zako

Amama 09:10
wafika pati

Edita 11:02
ayi amama ine ndili ku lab. ndatuma a alfonsi, alangizi a zaulimi aja, akubwera ndi njinga yamoto. muwasonyeze msuku basi

Amama 16:44
abwera. aima pansi pa mtengo atenga nambala zako

Edita 16:50
ndalandira 🙏 pa kapepala ndalemba: wogwira Yosefina Mbewe. dzina lanu lidzakhala mu kabati ya museum zaka zambiri

Amama 17:02
chabwino

Amama 17:05
ndinapha tambala uja wamawanga. a alfonsi adya mwendo umodzi anali pachangu

Amama 17:31
zotsalazo ndavundikira