Legeni la ba Oswell pa Buleki Yakutsogolo

Aphungu,

Pepani kuti ndikukutangwanitsani ndi nkhani ya njinga yamoto pamene anzanga amakulemberani za maukwati ndi matenda. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mukaona polakwika musandiseke. Ndafunsa kale anthu kuno, koma aliyense akundiuza zake, ndipo mtima wanga sukukhala pansi.

Njinga imeneyi inali ya akulu anga, malemu ba Oswell, amene ankayendera madibi a ng'ombe kuchokera kuno ku Chinyunyu mpaka ku Shikabeta. Masiku amenewo mudzi wonse unkadziwa kulira kwake isanatulukire pachitunda. Amayi ankangoti, "Ikani madzi pamoto, Oswell uyo." Ine ndinkakwera kumbuyo nditagwira jekete lawo lonunkha mankhwala a dibi. Msewu waukulu wopita ku Chipata unali wosalala nthawi imeneyo, magalimoto anali ochepa, ndipo ba Oswell ankaimba nyimbo za kutchalitchi njira yonse. Sindinamvepo mantha ndili kumbuyo kwawo.

Tsiku lina anagwa pamchenga panjira ya ku Shikabeta. Mbuzi inadumphira mumsewu, iwo anafinya buleki yakutsogolo, gudumu linatsetsereka, ndipo anathyoka fupa la paphewa. Atachira anakowola waya wa buleki imeneyo pagudumu, naumangirira kuchitsulo cha kutsogolo ndi legeni, mphira ija timadula kuchubu. Pondiphunzitsa kuyendetsa anandiuza kuti, "Mng'ono wanga, iyi ndi buleki ya kumanda. Ponda ya kuphazi basi." Anayenda choncho mpaka anamwalira ndi chifuwa chaka chotsatira chilala chachikulu chija. Njinga anasiyira ine. Ndimaipukuta, ndimayang'ana oilo ndi mpweya ndisananyamuke, tcheni ndimachidzoza, koma legeni lija sindinalikhudzepo.

Mwezi watha ndinkachokera kumsika wa ku Rufunsa. Nditangodutsa pamene azimayi amagulitsa makala, ng'ombe inatuluka muudzu n'kuima pakati pa tala. Ndinaponda buleki ya kuphazi ndi mphamvu zanga zonse. Gudumu lakumbuyo linasiya kuzungulira, njinga inayamba kupita chammbali, tayala likulira. Maso anga anali pang'ombeyo basi, ndipo njinga inapita pomwepo. Ndinaima bondo langa litakhudza mimba yake. Sindinagwe, koma ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu.

Ndinapita kwa ba Abel, amene amakonza njinga pafupi ndi pokwerera mabasi. Ataona legenilo anaseka mpaka kupukuta misozi, nandifunsa ngati ndimavalanso nsapato imodzi popita kutchalitchi. Akuti buleki yakutsogolo ndiyo imaimitsa njinga, ndipo akufuna kulumikiza wayayo. Koma ba Abel ndi munthu wothamanga, zipsera zili m'zigongono monse, ndiye mawu awo sindikuwakhulupirira kwenikweni.

Vuto lenileni ndi ili. Alamu anga ba Dolly, akazi a malemuwo, maso awo achita khungu loyera ndipo sakuonanso bwino. Madokotala a maso abwera kuchipatala cha ku Rufunsa Lachitatu loyamba la mwezi wa Ogasiti. Basi siidalirika, ndiye woti awatenge ndi ine panjinga. Nditawauza alamuwo za ba Abel anati, "Mulamu, legenilo anamanga ndi manja awo. Mukalimasula, ine sindikwera." Iwo anakwera njinga imeneyi kuyambira ali mtsikana, ndipo mpaka lero akamva ikulira amatuluka pakhomo.

Ndikalisiya, ndikuopa kuti ng'ombe ina ituluka ndili ndi munthu kumbuyo. Ndikalimasula, alamu atsala ndi khungu lawo, ndiponso ndikhala ngati ndanena kuti akulu anga anali opusa. Kodi buleki yakutsogolo imaphadi? Chonde ndiyankheni mwezi uno wa Julaye usanathe, kuti ndidziwe chochita lisanafike Lachitatu limenelo.

B.M.
Chinyunyu, Rufunsa

Ba B.M.,

Musapepese. Nkhani ya moyo wa anthu awiri si yaing'ono.

Ba Abel akunena zoona, ngakhale zigongono zawo zili choncho. Mukamaimitsa njinga, kulemera konse kumathamangira kutsogolo, gudumu lakumbuyo limapepuka, n'chifukwa chake linatsetsereka mutaponda mwamphamvu. Patala, buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Koma akulu anunso sanali opusa. Anagwera pamchenga, ndipo pamchenga kufinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi kumagwetsadi munthu. Cholakwika sichinali buleki, chinali kafinyidwe. Komanso msewu umene iwo ankayendamo akuimba si umene mukuyendamo lero, wamaenje ndi malole.

Wayayo wakhala zaka osagwira ntchito. Ba Abel asangoulumikiza ayi. Aone ngati sunachite dzimbiri kapena kuduka timawaya ta mkati, atsegulenso gudumu aone zogwirira za mkatimo. Chokayikitsa chilichonse asinthe.

Kenaka phunzitsani dzanja lanu muli nokha. Pezani malo athyathyathya, olimba, opanda magalimoto. Yendani pang'onopang'ono, bwezani mafuta, kokani kilatchi, finyani buleki yakutsogolo ngati mukukama ng'ombe: kuyamba mofewa, n'kumaonjezera mphamvu. Osaikwatula. Nthawi yomweyo pondani ya kuphazi mosapitirira. Njinga ikhale chilili, osapendeka. Mukamva gudumu lakutsogolo likufuna kutsetsereka, masulani msanga n'kufinyanso. Bwerezani masiku angapo mpaka dzanja lizichita lokha, chifukwa ng'ombe ikatuluka mulibe nthawi yoganiza. Panjira ya mchenga kapena timiyala chepetsani liwiro musanafikepo, yakutsogolo muziigwira pang'ono chabe.

Mwalemba kuti maso anu anali pang'ombe ndipo njinga inapita pomwepo. Ndi mmene zimakhalira: njinga imatsata maso. Muziyang'ana mpata umene mukufuna kudutsamo, osati chimene mukuopa. Ngati mukufuna kuzemba, chepetsani liwiro kaye, masulani mabuleki, ndiye mukhote. Kufinya ndi kukhota pamodzi ndiko kugwa. Pafupi ndi midzi ndi pamisika ya m'mbali mwa msewu, zala zikhale kale pabuleki ndipo muziyenda ngati ng'ombe ituluka ndithu.

Tsopano za ba Dolly. Iwo sakukangana nanu za mabuleki. Legenilo ndi mfundo yomaliza imene manja a amuna awo anamanga, ndiye musapite kwa iwo ndi mawu a ba Abel. Khalani nawo pansi muwauze za ng'ombe ija monga mwandiuzira ine, mpaka za bondo lanu. Muwafunse ngati ba Oswell, munthu amene anakowola waya pofuna kuti wina asavulale, akanalola kuti akazi awo akwere njinga yosaima. Ndipo legenilo lisadulidwe ndi mpeni kwa ba Abel. Bweretsani njinga pakhomo pawo, muwapemphe kuti alimasule okha ndi manja awo, n'kulisunga.

Akakanabe, musalimbane nawo, koma musawakwezenso njinga ya buleki imodzi. Nyamukani Lachiwiri pabasi, mukagone kwa achibale kapena kwa anzanu a mpingo ku Rufunsa. Maso awo asadikire chaka china chifukwa cha mphira.

Chenjezo langa ndi ili: tsiku loyamba kugwira buleki imeneyo lisakhale Lachitatu limenelo. Munthu kumbuyo amalemeretsa njinga, ndipo imatenga mtunda wautali kuti iime. Nonse awiri muvale zipewa zolimba za panjinga, iwo akugwireni m'chiuno, chitenje achipinde chisafike kugudumu. Inu munakula mutagwira jekete la akulu anu osaopa kanthu. Tsopano ba Dolly agwira lanu, ndipo msewu sakuuona. Muwaonere ndinu.

Aphungu