Dzina Limene Ndinasuntha

Lolemba, 3 Malichi
Abambo awapatsa tsiku la opaleshoni: 9 Julayi. Ndalemba ndekha m'kaundula, ndi dzanja langali. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pawindo lomweli, kuuza odwala kuti adikire. Lero ndauza abambo anga ondibereka. Miyezi inayi ndi kapaipi ka mkodzo, thumba lili pamwendo.

Lachinayi, 6 Malichi
Achimwene akafunsa kuchipatala cholipira. Mtengo wake, malipiro anga a chaka chathunthu. Pafoni akuti, "Iwe, kaundula ali m'manja mwako. Wokhala pachitsime safa ndi ludzu." Abambo thupi latenthanso. Asiya kucheza ndi anzawo, akuti akununkha.

Lolemba, 10 Malichi
Ndachita. Pa 19 Malichi panali dzina la mkulu wina, kalipentala, zaka 68, matenda omwewa. Ndafufuta, ndaikapo abambo. A kalipentalawo ndawakankhira ku Julayi. Mphindi ziwiri basi. Ndawaimbira kawiri kuti ndiwauze, foni yosapezeka.

Lachiwiri, 18 Malichi
Abwera a kalipentala aja kudzagonekedwa. Uthenga sunawapeze. Chikwama, bulangete lopinda bwino, akazi awo pambuyo atanyamula beseni. Anyamuka m'bandakucha. Ndawauza kuti tsiku linasintha, maso ali pakaundula. Iwo akuti, "Palibe kanthu mwanangu. Ndiye kuti pali wina wodwala kuposa ine." Mayi aja anangondiyang'ana. Nthawi imeneyo abambo ali kale pabedi nambala 6, akumwa tiyi.

Lachinayi, 20 Malichi
Opaleshoni yayenda bwino. Achimwene akundiyamikira kwa aliyense, ndawaletsa. Koma ine chakudya chikukana kulowa.

Lamulungu, 13 Epulo
Abambo akuyenda okha mpaka kumsewu. Nthabwala zabwerera, akuti akukodza ngati mnyamata wa sukulu. Taseka mpaka misozi. Kenaka afunsa kuti tsiku linafupika bwanji. Ndati wina anasiya malo. Iwo: "Ameneyo Mulungu amudalitse."

Lachiwiri, 8 Julayi
Tsiku loti a kalipentala agonekedwe. Ndinafika msanga, kuyang'ana munthu aliyense wolowa pakhomo. Namwino waitana dzina katatu pabenchi. Zii. Pofika masana bedi apatsa wina.

Ndaimba. Lero foni yalira. Ayankha mayi aja, ndipo andizindikira ndisanadzitchule. "Ndinu a pawindo aja eti? Anatisiya mu Meyi, impso zinatopa. Zikomo potikumbukira, mwanangu. Kuchipatalako palibenso wina anatiimbira."

Ndati pepani. Pepani yekhayo, ngati wa anthu onse.

Ndabwerera pawindo, mzere unali utafika kuchitseko. Mayi wina ndamulembera Novembala, wathokoza.

Madzulo abambo anali pakhonde, akukonza mpando wa mdzukulu wawo, uku akuimba mluzu. Andiitana kuti ndiwagwirire msomali. Ndagwira.

Mawa ndikaonekera kwa adokotala aakulu, kaundula ali m'manja. Kapena ndiyambe ndauza abambo. Koma ndikawauza, iwo aja mmene ndiwadziwira, mluzu uja sadzaimbanso.