Tsiku Lomwe Amayi Anabereka Mwana wa Eni

Nambuma,
Lilongwe.

Okondedwa achimwene a Lameck,

Landirani moni wanga inu pamodzi ndi alamu anga a Linda ndi ana kumeneko ku Blantyre. Kodi muli bwanji? Nanga chifuwa chinkamuvutitsa Mike chija chinasiya? Kuno ana ali bwino, amuna anga a Duncan, bambo a Bright, nawonso ali bwino. Za amayi ndiye zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Pafoni paja ndinangoti amayi avulala ndipo agonekedwa kuchipatala. Munafunsa ngati anagwa, ine ndinati ndilemba kalata. Panali anthu pafupi. Tsopano muwerenge mutakhala pansi.

Mutabwera pa Isitala chaka chatha, alamu anachita chidwi ndi malo ano. Ankajambula mitengo ya mango ya m'mbali mwa msewu, ngolo zodzaza matimati, dambo lobiriwira la kuseri kwa msika ndi mapiri ooneka patali. Anati tili ndi mwayi wokhala pamalo a mphepo yabwino, pomwe aliyense amadziwa mnzake. Zonsezo zilipobe, ndipo mango ayamba kupsa. Koma ine masiku ano ndikamadutsa pamsika ndimayenda choweramitsa mutu.

Matenda oiwala aja akula kuposa mmene munawasiyira. Tsiku lina amanditchula dzina, tsiku lina amandipatsa moni ngati mlendo n'kundifunsa njira ya kumudzi ku Kabudula. Amene samuiwala ndi Rozaria, mwana wawo womaliza uja anamwalira ndi chikuku akuyamwa, ine ndisanayambe sukulu. Amamufunafuna m'nyumba monse. Nthawi zina amapinda thaulo n'kulibereka kumbuyo.

Linali tsiku la kabwandire, msika utadzaza ndi ogulitsa ochokera kutali. Ndinawasiya pakhonde akusenda mtedza, ine n'kupita kukayala kaunjika wanga. Bambo a Bright anali kugolosale kwawo, ana kusukulu. Chitseko cha mpanda ndinachimanga ndi waya monga ndimachitira masiku onse, koma tsiku limenelo anamasula.

Zotsatirazi ndinazimva kwa a Fred, aja ogulitsa nyama ya mbuzi pansi pa mkuyu, chifukwa iwo anaona zonse. Akuti amayi anafika pamzere wa matimati. Mtsikana wina wa ku Chitukula, dzina lake Sylvia, anali atagoneka khanda lake pathumba kuseri kwa benchi, iye akutanganidwa ndi ogula. Khandalo linkalira. Amayi anawerama, analinyamula, analibereka bwinobwino ndi chitenje chawo n'kuyamba kuyenda akuliimbira. Akuti linatonthola nthawi yomweyo.

Sanathawe. Akanathawa ndi miyendo iti? Anangofika pamene amagulitsa mapoto paja. Sylvia atacheuka n'kupeza pathumba palibe mwana, anakuwa kuti mwana wake wabedwa. Ine sindimuda mtsikanayo. Nanenso ndikanakuwa.

Anthu atawagwira anawafunsa kumene ankapita naye mwanayo. Amayi anayankha akumwetulira kuti, "Ndikupita naye kwathu, ndi wanga uyu. Tinamuika m'manda koma ndamupeza."

Mawu amenewo ndi amene anawapweteketsa, achimwene. Bambo wina anakuwa kuti mwamva nokha, mfiti yaulula.

Anawalanda mwanayo n'kuwagwetsa pansi. Ena ankawamenya ndi manja, ena ndi nzimbe zomwe anatola pamulu, mnyamata wina ndi pampu ya njinga. Anawang'ambira bulauzi. A Fred akuti amayi sankatchinga n'komwe mutu wawo, ankangopapasa pafumbi kufunafuna mwana. Panali kale wina amene ankapempha petulo kwa akabaza.

A Fred anadumpha benchi lawo chikwanje chili m'manja n'kukaima pakati pa amayi ndi gululo. Anawauza kuti awa ndi apongozi a Duncan wa pagolosale, mutu wawo sukuyenda bwino, ndipo wofuna kuwapha ayambe wapha iwo. Mwala unawang'amba pachipumi koma sanasunthe mpaka apolisi anafika. Munthu ameneyu si mbale wathu, sitipemphera naye tchalitchi chimodzi. Tinkangopatsana moni podutsa.

Nthawi yonseyo ine ndinali mbali ina ya msika. Phokoso ndinalimva. Mayi woyala pafupi nane anandiuza kuti agwira mfiti yakuba ana, ine n'kupitiriza kumuyesa siketi wogula wina. Ndinadziwa kuti ndi amayi pamene mayi wina wa mumphakati mwathu anafika akuthamanga, atanyamula mpango wa amayi uli magazi okhaokha.

Anathyoka mkono ndi nthiti, ndipo diso lakumanzere silikuonanso. Kuchipatala anawasamalira bwino. Adokotala anandifotokozera modekha kuti matenda oiwalawa amagwira okalamba ambiri ndipo si ufiti ayi. Ndinawayankha kuti ine ndikudziwa, ofunika kuuzidwa ali kumsika.

Apolisi anagwira anyamata ena, ndipo abale awo akhala akubwera kudzandiuza kuti ndikathetse mlandu. Amayamba ndi kupepesa, koma potsanzika amandikumbutsa kuti tonse timakhala pano pomwe. Ambiri mwa omwe anamenya nawo akungoyenda, ndipo ndimawadziwa. Mayi wina mwa iwo anagulapo kwa ine diresi la ubatizo wa mwana wake. Lamulungu lapitali tinakhala benchi limodzi, ndipo nthawi yopatsana mtendere itakwana anandipatsa mkono. Ndinaulandira. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndinaulandiriranji.

Panalinso ojambula ndi mafoni, ndipo kanemayo akuyenda ponseponse. Bright anamuonera kusukulu, anzake atamuitana kuti adzaone agogo ake. Anabwera kunyumba n'kukagona osadya, ndipo mawa lake anakana kupita kusukulu. Kanemayo akafika pafoni panu musamutsegule, chonde. Muwauzenso alamu.

Amayi atatuluka kuchipatala, Sylvia anabwera kunyumba ndi beseni la matimati, mwana ali kumbuyo. Anagwada pakhomo akulira. Anati iye ankangofuna mwana wake, sanatume munthu aliyense kuti amenye gogo. Ndinamulowetsa kuti awaone. Amayi ataona khandalo nkhope yawo inawala, anatambasula mkono wabwinowo kuti alilandire. Sylvia anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. Anapepesanso n'kutuluka.

Panopa ndimawatsekera kuchipinda ndi loko ndikafuna kupita ngakhale kumjigo. Amagogoda n'kumafunsa kuti alakwa chiyani. Zoti anamenyedwa sakuzikumbukira, amangodabwa kuti wawamanga mkono ndani. Koma akamva anthu akuseka kapena kukangana kumsewu amalowa kunsi kwa bedi, ndipo kuti atuluke ndimachita kugona pansi n'kumawanyengerera.

Kugolosale anthu achepa. Amadutsa pakhomo n'kukagula mchere ndi sopo kutsogolo. Kaunjika wanga sindinayalenso. Denga lathu analigenda kawiri, ndipo eni nyumba anabwera kudzatiuza kuti iwo safuna kuotcheredwa nyumba, choncho amayi achoke kapena tichoke tonse.

Alamu anu, bambo a Bright, musawaone ngati munthu woipa. Zaka zonsezi awasunga amayi osadandaula, ndipo ndi iwo ankawanyamula kupita nawo kuchimbudzi kuchipatala kuja. Koma atopa, komanso akuopa. Anandiuza kuti amayi abwerere kumudzi. Ndinawafunsa kuti kumudzi kuli ndani, poti amalume anatisiya, nyumba ija denga linagwa, ndipo asuweni otsalawo mbiri ya ufiti inawafika kale. Iwo anati sakuona njira ina. Ndinawauza kuti amayi akapita, ine ndipita nawo. Iwo anafunsa kuti nanga ana. Kuchokera tsiku limenelo timangolankhulana za madzi osamba ndi makiyi.

Achimwene, inu ndinu mwini mbumba. Sindikupempha kuti munditumizire kanthu pafoni. Ndikupempha kuti mubwere mudzawatenge amayi.

Ndikudziwa kuti nyumba yanu ndi yaing'ono ndipo alamu amapita kuntchito. Ndikudziwanso kuti amayi si ophweka kuwasunga, amataya chakudya, amanyowetsa zogonera, amatukwana mawu omwe ali bwino sankawatchula. Sindikubisirani chilichonse. Koma inu muli ndi mpanda wa njerwa ndi geti lokhoma, ndipo kumeneko palibe amene anawaona atagona pafumbi osavala. Angathe kukhala pabwalo n'kuothera dzuwa ngati munthu. Ine ndibwera nawo, ndidzakhala masabata angapo mpaka alamu adziwe mmene amadyera ndi mmene timawasambitsira.

Mukambirane ndi alamu, musawakakamize. Ngati sizitheka mundiuze mosabisa kuti ndisamangoyang'ana minibasi iliyonse yoima pasiteji. Mvula ili pafupi, ndipo ngati tikupita kumudzi ndiyenera kukafolera nyumba ija isanagwe. Ndauza kale munthu wa ngolo kuti andisungire udzu. Bright ndi mlongo wake adzatsala ndi bambo awo chifukwa cha sukulu. Bambo awowo sindinawauze.

Dzulo ndikuwapesa tsitsi ndinawafunsa ngati akumudziwa Lameck. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati, "Ali kudambo ndi mbuzi. Kamuitaneni, mwana ameneyu amaiwala kudya." Ine amene ndimawasambitsa anandithokoza ngati namwino, koma dzina lanu likadalimo. Bwerani lisanachoke.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Mike ndi kwa ana onse. Mukadzafika mudzayambe mwaima pansi pa mkuyu paja, mudzawagwire mkono a Fred. Mulungu akusungeni, akutsogolereni pa zomwe mugwirizane, ndipo ife muzitikumbukira m'mapemphero.

Ndine mlongo wanu,
Eunice (make Bright)