Mpama wa ku Phalula

Amayi, kodi kumene munatsogolako kukucha bwanji?

Kuno ku Phalula, kuchikamwini kwanga, chaka chatipanda. Chimanga chinapserera chitangomasula ngayaye. Mpongozi wanu wachira, ndi mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Koma mkaka ukuvuta, pakuti amake akugonera phala la madeya.

Ndakumba mpama kuseri kwa phiri. Masamba ake ndi ngati a uja tinkakumba nanu kwathu kwa Mposa pa njala ija, koma mkati mwake ngwachikasu pang'ono. Anthu kuno saudya, ndiye onse akuyang'ana ine, ati wa ku Machinga ndiye akudziwa. Ine ndinkangonyamula khasu, wosankha munali inu.

Mdzukulu wanu Asiyatu, wa achemwali uja, anabwera sabata yatha. Ali ku yunivesite, ndipo akuyenda m'matchire a kwa Mposa ndi a kuno kulemba zomera zonse. Mayina akawalowetsa mu kompyuta, imajambula mzere wa makolo a zomerazo, ngati mmene inu munkatiwerengera mbumba ya agogo. Kenako imatulutsa nambala yosonyeza kutalikirana kwa tchire ili ndi lija pa chibale. Akuti tchire la kuno ndi la kwathu ndi apachibale ndithu, ngakhale mitengo yambiri ndi yosiyana. Apa mutu unayamba kuzungulira. Zosiyana, komanso zapachibale?

Komabe ndinasangalala, ndinati basi, mpamawu ndi m'bale wa wathu uja, tidya. Iye anati iyayi, makinawo amayeza ubale wa tchire lonse kuchokera kalekale, sanena za chakupha chili mu mpama umodzi. Anawonjeza kuti zomera ziwiri zitha kukhala za mimba imodzi, china chodyedwa, china chogonetsa munthu kumanda. Ndinamuseka kuti sukulu yonseyi angodziwa makolo a mitengo, osadziwa ndiwo. Sanaseke. Anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndidikire akafunse aphunzitsi ake.

Munkati safunsa anadya phula. Ndafunsa, Amayi, koma sindikudziwabe chimene ndakumbachi. Kodi munkayang'ana chiyani musanaponye wina kutchire? Fungo? Utomoni? Ndinali pomwepo, koma maso anali pa mimba yanga. Ndikuchita manyazi, ndiponso ndili ndi mantha.

Asiyatu sanaimbebe foni, ndipo madeya adzatha Lachisanu. Mpamawo ndausenda, ndauduladula, ndauwiritsa, tsopano uli m'thumba mumtsinje. Kaya munkauviika masiku atatu kaya asanu, ndaiwala, ndiye ndiusiya asanu.

Ndikulonjeza chimodzi. Ndidzayamba kudya ndine, ndekha, ndipo ana sadzalawa mpaka dzuwa litatuluka kawiri ndili woyima. Mukandiona ndafika kumeneko msanga, musandikalipire kwambiri.

Ndimakukondani, Amayi.

Ine mwana wanu,
Saidi